Ndege Imene Sinagwepo

Pachipatala chachikulu cha ku Dublin 8 pamene ndimagwira ntchito ya unamwino pali bambo wina wa ku Chipata amene tonse timawatcha a Injiniya. Ntchito yawo ndi yokankha odwala pa tirole, kuchoka kuwodi kupita kojambula, kuchoka kojambula kubwerera kuwodi, mpaka miyendo itawauza kuti basi. Dzina la uinjiniyalo tinawapatsa mowaseka, koma iwo analilandira ndi manja awiri, moti chipongwe chathu chinangowonongeka.

Bamboyu anali ndi nkhani imodzi yokha, ndipo inali ya ndege. Kalekale, asanalote n'komwe zobwera kuno, ankagwira ntchito pa mishoni ina ya kumalire imene inali ndi kandege kachikasu ka mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Kankanyamula dokotala, mankhwala ndi makalata, nthawi zina wodwala amene sakanapirira mabampu a mumsewu, ndipo kankatera mbali zonse ziwiri, ya ku Mchinji ndi ya ku Chipata. Woyendetsa anali mzungu, koma wokasamalira anali iwowo. Thupi la kandegeko silinali la malata ayi, linali la nsalu yokokedwa pa mafelemu n'kupakidwa mankhwala oilimbitsa, ndiye ikang'ambika ankaisoka ndi singano. Injini ankailiza popukusa pulopela ndi manja. M'mawa uliwonse ankayenda bwalo lonse la udzu, kusalaza pamene chiswe chaumba ndi kupirikitsa mbuzi za anthu. Ndipo nkhaniyo inkathera malo amodzimodzi nthawi zonse, chala chili m'mwamba: "Zaka zonse zija, amai, siinagwepo. Olo kamodzi chabe."

Ine nkhaniyi ndinaimva mpaka kuiloweza ngati katekisimu. Nthawi yopuma pantchito yathu ndi yochepa, munthu umafuna ukhale pansi, uvule nsapato imodzi mobisa, umwe tiyi wako mwakachetechete. Koma ukangomva tirole ikuimikidwa pakhomo la kachipinda ka tiyi, umadziwa kuti mbuzi zija zipirikitsidwanso. Anzathu a ku Ireland ankamvetsera mwaulemu wawo uja wogwedeza mutu maso ali pawotchi. Ine ulemu wotero ndilibe, ndine munthu wapakamwa ndipo sindikana. Ndinkawatsogolera mawu, ndinkawafunsa ngati mbuzizo zinalandira penshoni, ndinkawamalizira ndekha chiganizo chomaliza chija. Iwo ankangoseka, n'kupitiriza pamene ndawadulira.

Tinkakumananso kubungwe. Kuno tili ndi bungwe la Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, limene limasonkhana Loweruka masana muholo yobwereka ku Lucan. Cholinga chake, malinga ndi malamulo amene tinalemba, ndi kuthandizana pamavuto ndi kusunga chikhalidwe. Chimene limachita kwenikweni ndi kusankha makomiti. Ine ndinali mlembi, chifukwa mpando umenewo ndi wokhawo umene uli ndi ntchito, ndiye amuna sankaulimbirana. A Tcheya athu anali mkulu wina wochita maphunziro apamwamba ku Drumcondra, munthu amene ngakhale popempherera chakudya ankayamba ndi mbiri ya nkhaniyo.

Chaka china tinagwirizana zochita chikondwerero, ndipo wina anati tisindikize nsalu. Apa palibe anatsutsa. Kwathu bungwe lopanda nsalu si bungwe. Achipani ali nayo, amayi a kutchalitchi ali nayo, ngakhale ogulitsa feteleza ali nayo. Ife tokha, anthu okhala ku Ulaya, tizipita kumaliro a mnzathu aliyense atavala yakeyake ngati osonkhanitsidwa pa depoti? Vuto linabwera pa chizindikiro choika pansaluyo. Dzuwa lotuluka a ku Zambia anati ndi lathu tokha. Nkhwazi Amalawi anati ndi yawo kwambiri. Tambala ndi chimanga tinapeza kuti andale anatenga kalekale, ndipo amene anatchula chimodzi mwa izo anayang'anidwa ngati watukwana apongozi. Misonkhano itatu inatha, holo tikulipira, chizindikiro kulibe.

Ine ndinapereka ganizo langa, ndipo ndinali wotsimikiza. Ndinati tiike ambulera, chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene Mmalawi ndi Mzambia wa mu Dublin amafanana nacho, aliyense wathyokeredwapo ndi yake pa siteji ya basi. Anthu anaseka, a Tcheya anati tibwerere ku nkhani zenizeni, ndipo ganizo langalo ndinalilemba ndekha m'buku la msonkhano ngati nthabwala.

Pamsonkhano wachinayi a Tcheya anafika foni ili m'manja, nkhope ikuwala. Anali atawerenga kuti boma lina laling'ono la ku America lasankha kandege kakale kukhala chizindikiro chake, chifukwa kankapangidwa kumeneko ndipo anthu ankakakonda. Sanatiuze kuti tichite zomwezo ayi, ankangofuna tidziwe kuti iwo amawerenga.

"This is what we call heritage," anatero a Tcheya. "Anzathu amaganiza mozama, osati za chimanga ndi nkhuku."

Kumbuyo kunamveka mpando ukusunthidwa. A Injiniya, amene pamisonkhano yonse ankangokhala pafupi ndi hita n'kumaomba m'manja pamene ena aomba, anali ataimirira. Anatulutsa kachithunzi m'chikwama cha m'thumba, kofiirira ndi ukalamba, kopindika m'makona.

"Ba Chair, ningakambeko?" anafunsa. "Ife naife tinali nayo ndege. Inali kutera kwanu, inali kutera kwathu. Siinali kufunsa kuti uyu ni wa dziko liti."

Ndinatseka maso kudikira mbuzi, ndipo mbuzi zinabweradi. Koma chodabwitsa n'chakuti tsiku limenelo anthu anamvetsera. Kachithunziko kanayenda dzanja ndi dzanja: kandege pa udzu, pambali pake munthu woonda wovala ovolosi, dzanja lili paphiko. Mayi wina wa ku Mchinji anati agogo ake ankanena za ndege yotero. Ophunzira athu anayamba kutchula mawu aataliatali achingerezi. Amene anali atatopa ndi kulipira holo anakweza manja msanga kuposa onse. Umo ndi mmene kandege ka a Injiniya kanakhalira chizindikiro cha bungwe lathu, ndipo mwiniwake anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa kuti mayeso wakhoza koma sakukhulupirira.

Kenaka, mwachizolowezi, panasankhidwa komiti yokonza maonekedwe a nsalu. Inali ya amuna anayi, onse a malaputopu, mmodzi mwa iwo a Tcheya. Ndinakweza dzanja. Ndinati mayi anga anagulitsa nsalu mumsika wa Limbe moyo wawo wonse, ine ndinakulira pansi pa benchi yawo, ndingathandizeko.

"Zikomo kwambiri, madam secretary," anatero a Tcheya mokoma mtima. "Koma iyi ndi technical committee. Amayi atithandiza kwambiri mbali ya catering."

Ndinatsitsa dzanja langa n'kulemba zimenezo m'buku, liwu ndi liwu. Amuna anayi amene chibadwire sanamangepo nsalu m'chiuno anapita kukatikonzera nsalu, ife amene timaivala tinapita kukakambirana za samusa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma akuluakuluwo sanali mu technical committee.

Patatha milungu ingapo chithunzi cha nsaluyo chinafika kwa ine, chifukwa mlembi ndiye ankayenera kuchitumiza kwa osindikiza. Kunena chilungamo, chinali chokongola. Mtundu wobiriwira wa udzu, kandege kachikasu pakati, mapiko ali tambasu, kakuuluka mowongoka kuchoka kumanzere kupita kumanja. Koma sindinathe ngakhale kupuma kawiri ndisanaone vuto. Akatswiri athu anali ataiimika nsaluyo chotalika, mmene amaimikira chikalata chopachika pakhoma, mbali yaitali kuchoka pamwamba kupita pansi. Nsalu simangidwa choncho. Mbali yaitali ndiyo imazungulira chiuno, ndiye chilichonse chimene chili pansalupo chimagona cham'mbali. Kandege kouluka mowongoka pa laputopu, pathupi pa mayi kakanaloza mphuno pansi. Ndipo pakati pa nsalu, mwana aliyense wamkazi amadziwa, ndi pamene pamakhala kumbuyo, pokhalira.

Ndinaseka ndekha m'khitchini mwanga mpaka misozi. Ndinayamba kulemba uthenga wowauza, ndinafika pakati, ndinakumbukira mawu oti catering, ndinafufuta. Ndinati ndigonere kaye. Mkwiyo wanga ukagonera sumazizira, umangokoma ngati nyemba za dzulo.

Mawa lake ndinakumana ndi a Injiniya mukhonde la kuchipatala akubwera ndi tirole yopanda munthu. Nawonso anali ataonetsedwa chithunzicho pafoni. Anaima, chinthu chimene sankachita ali pantchito.

"Amai, mwaiona?" anafunsa. "Imwe ndimwe mudziwa za nsalu. Ili bwino?"

Anali yekhayo mwa amuna onse a m'bungwe amene anakumbukira dzanja langa lija. Ndisanayankhe anapitiriza, mawu atatsitsa ngati akundiuza za malipiro. Anati mwana wawo wamkazi wavomera kubwera kuchikondwerero. Mwanayo anakulira kuno, tsopano ndi wamkulu, amagwira ntchito muofesi ina m'tauni, ndipo zochitika zathu anasiya kalekale kubwerako.

"Uja aganiza kuti ninabadwa nikukankha trolley," anatero akuseka pang'ono. "Nikamuuza za ndege amati, okay Dad, okay. Manje azaona yeka. Anthu onse atavala."

Ndikanatha kunena pomwepo. Panalibe chondiletsa, chithunzi chinali chisanatumizidwe, ndipo kuchitembenuza inali ntchito yosatha ngakhale kapu imodzi ya tiyi. Koma m'maso mwanga munali nkhope ya a Tcheya itagwa pamaso pa anthu, ndipo nkhope imeneyo ndinkaifuna kwambiri kuposa chilichonse. Sindinganame kuti sindinaganize za bambo amene anaima patsogolo panga. Ndinaganiza, ndipo ndinadziuza kuti munthu amene wapirira pakamwa panga zaka zonsezi apiriranso izi.

"Ili bwino kwambiri, bambo," ndinatero.

Madzulo ake ndinatumiza chithunzicho mmene chinalili, ndipo osindikiza anasindikiza zimene anapatsidwa.

Makatoni anafika kutatsala masiku ochepa. Komiti inatsegula limodzi, inapachika nsalu imodzi pakhoma la holo chotalika, inaima patali n'kuyamikirana. Patsiku lenilenilo kunja kunali kamvula kathu ka masiku onse, holo inadzaza, ana akuthamangathamanga n'kumayankha makolo awo m'Chingerezi. Dongosolo linali loti amayi tonse tikavalire m'chipinda cha kuseri, tilowe pamzere tikuimba, tizungulire holo, kenaka a Injiniya alankhule. Iwo anali ataima kale kutsogolo, atavala suti yakuda imene inkaoneka kuti yakhala nthawi yaitali m'pulasitiki, pepala la mawu awo lili m'manja. Pambali pawo panali mwana wawo uja, wamtali ngati bambo ake, atavala jekete lalikulu, akumwetulira mwaulemu ngati mlendo wa pa ukwati wa anthu osawadziwa.

M'chipinda cha kuseri amayi anamasula nsalu zawo, aliyense anakoka yake m'chiuno, anamanga. Kenaka mayi wina wa ku Lusaka anayang'ana kumbuyo kwa mnzake.

"Iwe, ndege yako ikugwa," anatero.

"Yakonso ikugwa."

Chiphwete chimene chinabuka mmenemo sindidzachiiwala. Ena anakhala pansi, ena anatsamira khoma. Wina anati titembenuze, m'munsi mukhale m'mwamba, ndipo pafupifupi theka la amayi anatero. Tsopano ndege zawo zinaima chilili, mchira pansi, mphuno kuloza kumsana. Ena anakana kumasulanso, anati chamangidwa chamangidwa, nthawi yatha. Ine ndinamanga yanga mphuno pansi, mwadala, ndipo ndinakhala kutsogolo kwa mzere. Palibe anandifunsa ngati ndinkadziwa, ndipo ine sindinadzipereke.

Tinalowa tikuimba. Poyamba anthu anaomba m'manja, chifukwa kutsogolo kwa nsalu kunkangooneka udzu wobiriwira. Titakhota kuti tizungulire, holo yonse inaona kumbuyo kwathu. Kuomba kunayamba kuchepa, wina anatsamwa ndi chakumwa, kenaka kuseka kunayambira kumbuyo n'kufalikira ngati moto wa m'chilimwe. Ndipo ife sitinkangoyenda, tinkavina, ndiye ndegezo sizinkangogwa chabe, zinkagwa zikugwedezeka.

Ndinayang'ana a Tcheya. Nkhope imene ndinkaifuna ija ndinaipeza yonse, pakamwa pali yasa, maikolofoni ili lende m'manja. Inali yokoma, sindikana. Kukoma kwake kunatha nditangosuntha maso pang'ono.

Mwana wa a Injiniya anali atagwira mkono wa bambo ake, atawerama ndi kuseka, dzanja lina likukweza foni.

"Dad, they're crashing," anatero. "Oh my God, they're all crashing."

Sankanyoza ayi. Ankaseka mmene aliyense ankasekera, ndipo mwina kanali koyamba kusangalala pa zochitika zathu. Bambo ake okha ndi amene sankaseka. Ankayang'ana mzere wathu ukudutsa, ndege imodzi ndi imodzi, mmene ndinkaganizira kuti ankayang'anira bwalo la udzu lija m'mawa. Nyimbo itafera m'kamwa mwathu, mayi wa ku Lusaka uja anafuna kukonza zinthu. Anatembenuka n'kuwaonetsa kumbuyo kwake, kumene ndege inaloza m'mwamba.

"Ise tatembenuza, ba Injiniya. Onani, yathu ikwera."

Anaiyang'ana nthawi ndithu, ngati munthu wofunsidwa za ntchito yake.

"Kandege kang'ono kakaima so, mchira pansi, ndiye kuti kakugwa, amai," anayankha. "Sikanadziwe chabe."

Anthu anasekanso kwambiri, poganiza kuti mkuluyo walowa nawo m'nthabwala. A Tcheya anapeza mawu, anati panali vuto laling'ono la kwa osindikiza limene komiti ilifufuza, ndipo anaitana a Injiniya kuti alankhule. Iwo anapinda pepala lawo kawiri, analiika m'thumba la mkati, anati akuthokoza onse amene abwera ndipo chakudya chisazizire. Anakhala pansi. Samusa zathu anthu anaziyamikira kwambiri, mbali ya catering inayenda bwino.

Nsaluyo inatchuka kuposa mmene aliyense ankayembekezera. Amayi amaikonda mpaka lero, amaivala pophika ndi pa zinkhoswe, amaitcha nsalu ya ngozi. Achibale kumudzi anaona kanema wake ndipo ena anapempha kuti tiwatumizireko. Komiti yofufuza inasankhidwa, ya amuna atatu, ndipo inapeza kuti palibe wolakwa. Lipoti lake ndinalemba ndine.

Lolemba lotsatira chikondwererocho ndinali m'kachipinda ka tiyi pamene ndinamva tirole ikuimikidwa pakhomo. Ndinakonzeka. Ndinali nditaganiza kuti lero ndiwasiya afotokoze yonse, kuyambira pa chiswe mpaka pa chala cha m'mwamba, osawadula. Analowa, anandipatsa moni, anafunsa za ana, anathira madzi m'kapu, anamwa tiyi wawo ataima pawindo, anatsuka kapu, anatuluka. Mawa lake chimodzimodzi. Mlungu unatha, mwezi unatha. Mnzanga wina wa ku Ireland anandifunsa ngati bambo aja akudwala, chifukwa sanamvenso za ndege. Bata limene ndinalilira zaka zonse zija ndinalipeza, ndipo tiyi wanga sanakomenso.

Ndinayesa kangapo kuyamba kupepesa, koma pakamwa pamene pamathamanga ponyoza pamachita chibwibwi pa mawu amenewo. Komanso iwo sankandipatsa poyambira. Sanandikwiyire, sanasiye kundipatsa moni, sanatchulepo za nsalu. Kubungwe ankabwerabe, n'kukhala pafupi ndi hita, n'kumaomba m'manja pamene ena aomba.

Kenaka pawodi pathu panabwera namwino watsopano wochokera ku Zomba, atangotsika kumene, akadazizidwa ngakhale m'nyumba. Kale munthu wotero a Injiniya sakanamulola kumaliza tsiku loyamba asanamve za pulopela. Ndinaona ngati mwayi wanga wafika. Nthawi ya tiyi ndinamukhazika pampando wabwino, ndinadikira tirole, ndipo bambo aja atalowa ndinalankhula mokweza, mwansangala yochita kupanga.

"Awa ndi a Injiniya athu," ndinatero. "Anasamalirapo ndege yeniyeni kwathu, ya nsalu, yoliza ndi manja. Bambo, tamuuzani mnzathuyu. Muyambire pa mbuzi paja."

Namwinoyo anatembenuka ndi chidwi chenicheni, chimene ine sindinawapatsepo. A Injiniya anamupatsa moni ndi manja awiri, anamufunsa za ulendo, anamulangiza kuti agule nsapato zosalowa madzi. Kenaka anandiyang'ana, osati mwaukali, koma mmene anandiyang'anira mukhonde muja tsiku limene anandifunsa ngati nsalu ili bwino. Ndinadziwa kuti sanaiwale kuti ndine mwana wa wogulitsa nsalu, ndipo ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibwerere m'dziko lino.

"Zaka zonse zija sinagwepo," ndinatero ine, pofuna kuwayambira. "Si choncho, bambo? Olo kamodzi."

Anatsuka kapu yawo, anaipukuta, anaibwezera pa shelefu.

"Inagwa, amai," anatero. "Imwe munalipo."